Makumi Asanu ndi Awiri ndi Angati?

Funsani anthu pa depoti ya basi pa Mangochi kuti makumi asanu ndi awiri ndi angati. Ena akuyankhani kuti 52, ena 70, ena angoseka n'kuti, "Achimwene, tangonenani m'Chingerezi." Olondola ndi a 70. Kawerengedwe ka Chichewa kamafika pa zisanu n'kuyamba kuwonjeza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Ndiye "asanu ndi awiri" ndi 7, ndipo makumi asanu ndi awiri ndi makumi 7. Wofuna kunena 52 ali nalo liwu lake limene ambiri tinalisiya ku pulayimale: makumi asanu ndi mphambu ziwiri. Mphambu ndi tija totsala tosakwana khumi. Mukalisiya liwu limeneli, 52 ndi 70 zimamveka chimodzimodzi, chonsecho pakati pake pali 18.

Kwafalanso kunena kuti "zaka zisanu ndi zimodzi" kapena "anthu asanu ndi amodzi". Chowonjezeracho chili chokha, choncho mgwirizano wake ndi wa chinthu chimodzi: nsomba zisanu ndi imodzi, madengu asanu ndi limodzi, miyezi isanu ndi umodzi, anthu asanu ndi mmodzi, zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana wa ku Namwera kapena ku Makanjira sayenera kuvutika nazo zimenezi, pakuti Chiyao chimene anayamwira chimawerenganso motero: chikafika pa msano chimawonjeza mpaka likumi.

Musayese kuti ndikufuna tibwerere ku masiku a sheleni ndi paundi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mangochi muli anthu 1,148,611, ndipo woyesa kutchula nambala imeneyi ndi zikwi, mazana, makumi ndi mphambu angamalize omvera atabalalika kale. Handiredi, sauzande ndi miliyoni ndi mawu athu tsopano, tinawalandira ndipo akutithandiza. Nkhawa yanga ili pa timawu ting'onoting'ono timene timayenda ndi nambala: ndi, pa, mwa, kwa, kufika pa, kawiri, theka, oposa, pafupifupi. Timeneti ndi timene timanena chimene nambalayo ikuchita, ndipo tikutiyankhula mwachisawawa. Amene chisawawachi chikuwapweteka kwambiri ndi achinyamata ofuna ntchito.

Masiku ano digiri yokha siilowetsa munthu mu ofesi. Mabanki, makampani akuluakulu ndi mabungwe ena a boma akalengeza ntchito, makalata amabwera mulu, ndiye pofuna kupungula anthu amayamba awalembetsa mayeso oyesa nzeru, intaviyu pambuyo. Mayesowa amakhala m'Chingerezi ndipo gawo la masamu silisowa. Si zachilendo kwenikweni, popeza kale ofuna malo ku University of Malawi ankalemba mayeso olowera okhala ndi gawo la manambala, la chinenero ndi la kaganizidwe. Chodabwitsa n'chakuti masamu ake si ozama. Muli kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, peresenti, phindu, chiwongoladzanja, ndi kuwerenga mofulumira manambala oikidwa m'mizere. Zambiri mwa izi mwana wa Sitandade 8 anaziphunzira kale. Komabe munthu wa digiri yabwino amatuluka m'chipindamo atalemba m'madzi, n'kumadandaula kuti nthawi inachepa. Imachepadi, koma imathera pobwerezabwereza funso limene sakulimvetsa. Ine ndimati munthu wolephera kunena funso la masamu momveka m'chinenero chake, m'chinenero cha eni ake adzavutika koposa.

Mayi wopikula usipa ku Msaka kapena ku Chembe akati "ndowa yakwera ndi K5,000", ndiye kuti pa mtengo wadzulo awonjezapo K5,000. Akati "yakwera kufika pa K50,000", akutchula mtengo walero. Pagombe palibe amene amasokoneza ziwirizi, chifukwa wosokoneza amalira nazo madzulo omwewo. Koma m'nkhani zolembedwa ndi zowulutsidwa mumva kuti katundu wakutiwakuti "wakwera ndi" ndalama zakuti, pamene wolembayo akutanthauza mtengo watsopano. M'Chingerezi cha pamayeso kusiyanaku kumagona pa timawu tiwiri ta zilembo ziwiriziwiri, "by" ndi "to", ndipo wopanga mayeso amaika dala mayankho onse awiri pa mndandanda woti musankhepo. Amene anazolowera kusasamala pakamwa amasankha lolakwika mtima uli m'malo.

"Mtengo wakwera kawiri" n'chiganizo chinanso chonyenga. Kawiri n'kuwerenga maulendo: wakwera Lolemba, wakweranso Lachisanu, mwina ndi K200 yokha ulendo uliwonse. Ngati chinali K3,000 ndipo tsopano chili K6,000, tinene kuti mtengo wawirikiza kawiri. Kumeneko ndiko kukwera ndi 100 peresenti. Kukwera ndi 200 peresenti n'kuwirikiza katatu, pakuti pa mtengo wakale mwaikapo ina iwiri yofanana nawo. Ndipo mtengo sungatsike ndi 150 peresenti, chifukwa ukatsika ndi 100 peresenti ndiye kuti katunduyo akupereka ulere.

Tafika pa peresenti, pamene pagona nkhani. Liwuli n'lobwereka ndipo ndilibe nalo mlandu. M'Chichewa timati "pa 100 iliyonse" kapena "mwa anthu 100 alionse", ndipo ubwino wa kanenedwe kathuka n'ngwakuti kamakakamiza munthu kufunsa kuti, 100 ya chiyani? Liwu lobwerekalo limalola kuti funsoli lidumphidwe, ndipo dziko lonse lalidumphapo kangapo pa nkhani ya ndalama yathu yomwe.

Mu Meyi 2012, Mayi Joyce Banda atangolowa m'boma, mtengo wa dola unasinthidwa kuchoka pa K168 kufika pa K250. Ofalitsa nkhani ena anati kwacha yagwa ndi pafupifupi theka, ena anati yagwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Onsewa ankanena za tsiku limodzi ndi manambala omwewo. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndi K82. Mukaiyerekeza K82 ndi K168 mupeza 49 pa 100 iliyonse, ndipo kumeneko ndiko kukwera kwa dola. Mukaiyerekeza ndi K250 mupeza 33 pa 100 iliyonse, ndiko kugwa kwa kwacha. Yesani motere: K1,000 imene inkagula madola pafupifupi 6 inayamba kugula madola 4. Yataya awiri mwa asanu ndi limodzi, gawo limodzi mwa atatu. Mu Novembala 2023 zinabwerezanso. Reserve Bank of Malawi inasuntha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo tonse tinaloweza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Chimene chinakwera ndi 44 peresenti ndi dola. Mphamvu ya kwacha yogulira dola inatsika ndi pafupifupi 31 peresenti. Sindikupeputsa ululu umene unatsatira. Mwini boti la injini ku Monkey Bay amene mtengo wa mafuta unamukwerera sabata yomweyo sangatonthozedwe ndi masamu anga. Ndikungoti chiganizo cholondola chinalipo, chinali chachifupi, ndipo sitinachinene. Funso lamtundu womwewu limapezeka pa mayeso a ntchito, ndipo amene anazolowera kufunsa kuti "peresenti ya chiyani" salichedwera.

Chifukwa chomwecho n'chimene chimachititsa kuti mtengo ukakwera ndi 20 peresenti n'kutsikanso ndi 20 peresenti usabwerere pakale. K10,000 imafika pa K12,000, ndipo 20 pa 100 iliyonse ya K12,000 ndi K2,400, choncho mtengo umagwera pa K9,600. Palinso msampha wa peresenti yokwera pa peresenti inzake. Kumayambiriro kwa 2024 chiwongoladzanja chimene banki yaikulu imayika chinachoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Kunena kuti chakwera ndi 2 peresenti n'kulakwa, chifukwa 2 pa 24 ndi kuposa 8 pa 100 iliyonse. Tinene kuti chakwera ndi mapointi awiri, kapena tingotchula pamene chachoka ndi pamene chafika. Za katapila ndi banki m'khonde sinditalikitsa, koma aliyense wonena chiwongoladzanja atchule nthawi yake. Chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi ndi cha 20 peresenti pachaka ndi ngongole ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo ngati chosabwezedwacho chikuberekanso, K10,000 yobwereka pa chiwongoladzanja cha pamwezi chija imafika pa K17,280 pakutha pa miyezi itatu.

Theka nalo tikulizunza. Theka ndi gawo limodzi mwa magawo awiri ofanana, basi. Kulibe "theka lalikulu", ndipo amene akuti "anandipatsa theka laling'ono" akutanthauza gawo kapena chidutswa. Tili ndi njira yomveka yonenera magawo onse: gawo limodzi mwa magawo anayi, limene ambiri amati kota, magawo awiri mwa atatu, magawo atatu mwa asanu. Njirayi n'njotalika pakamwa koma imaphunzitsa chimene nambala yapamwamba ndi yapansi zikuimira, chinthu chimene ambiri anangochiloweza osachimva.

Asodzi a chilimira akafika kumtunda m'mawa, ndalama za nsomba zimagawidwa pakati pa mwini zipangizo ndi alovi ake atachotsa za mafuta, ndipo kagawidwe kake kamasiyana malinga ndi pangano. Tiyerekeze kuti zatsala K150,000. Akagwirizana kuti mwini atenge magawo atatu, alovi magawo awiri, ndiye kuti magawo onse ndi asanu, lililonse K30,000: mwini K90,000, alovi K60,000. Uko ndiko kugawa atatu kwa awiri. Koma wina akati alovi atenge awiri mwa magawo atatu, alovi anyamula K100,000. Manambala ndi omwewo, 2 ndi 3, koma kwa ndi mwa zasuntha K40,000. Mlovi amene sanafike Sitandade 5 sangapusitsidwe pamenepa. Wa digiri akaona 3:2 papepala amathamangira kugawa ndi 3 kapena ndi 2, kuyiwala kuwonkhetsa magawo kaye. Nzeru imeneyi ali nayo kwawo, kungoti anaphunzitsidwa kuti masamu a kusukulu ndi kuwerengera kwa pagombe n'zinthu zosadziwana.

Chimodzimodzi phindu. Timamva munthu akuti "lero ndapanga phindu la K50,000" pamene akunena ndalama zonse zimene wagulitsa. Amayi a geni amasiyanitsa bwino: pali mpamba, pali zimene wagulitsa, pali phindu, ndipo wodya mpamba geni yake imagwa. Wapikula usipa wa K40,000, wagulitsa K50,000, phindu ndi K10,000. Poyerekeza ndi mpamba ndi 25 peresenti, poyerekeza ndi zogulitsa ndi 20 peresenti, ndipo mayeso amafunsa chilichonse mwa ziwirizi, ndiye werengani kuti afunsa chiti. Ngati thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika zadya K4,000, phindu lenileni ndi K6,000. Msonkho nawo uli ndi msampha wake. Mu 2023 VAT inali 16.5 peresenti, choncho katundu wa K10,000 ankafika pa K11,650. Akakupatsani K11,650 n'kukufunsani mtengo msonkho usanaikidwe, musachotse 16.5 peresenti pa K11,650, mupeza K9,727.75 ndipo mwaphonya. Msonkhowo unawerengedwa pa mtengo woyamba uja, ndiye K11,650 ndi magawo 116.5 pamene mtengo woyamba ndi magawo 100. Mukalinena choncho m'Chichewa, njira yowerengera imaoneka yokha.

Pali mawu angapo amene amandipweteka m'khutu pafupifupi tsiku lililonse. Loyamba ndi pafupifupi lomwelo. Liwuli limayenda ndi nambala yozungulira: anthu pafupifupi 20, ndalama pafupifupi K2 miliyoni. Kunena kuti "anthu pafupifupi 23 avulala" n'kusokoneza, pakuti ngati munawawerenga n'kupeza 23, nenani 23. Choipa koposa ndi "pafupifupi oposa 100", mawu awiri okokerana uku ndi uku, lina likuti sanakwane bwino, lina likuti anapitirira. Oposa 18 ndi kuyambira 19 kupita m'tsogolo. Osachepera 18 ndi kuyambira 18 yemweyo. Osapitirira 35 akuphatikiza wa zaka 35, pamene ochepera 35 akumusiya panja. Wofuna ntchito amakumana nawo mawuwa asanalowe n'komwe m'chipinda cha mayeso, pa chilengezo chenichenicho chonena za zaka zakubadwa ndi zaka zimene munthu wagwirapo ntchito.

Pafupifupi akagwiritsidwa ntchito bwino ndi chida champhamvu pa mayeso a nthawi yochepa. Kalembera yemwe uja anapeza anthu 17,563,749 m'dziko lonse. Akakufunsani kuti a ku Mangochi ndi peresenti yanji, musayambe kugawa manambala asanu ndi awiri ndi manambala asanu ndi atatu. Nenani kuti miliyoni imodzi ndi kachidutswa mwa mamiliyoni 17 ndi theka, ndiye munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 15, zomwe ndi pakati pa 6 ndi 7 pa 100 alionse. Pa mayankho anayi amene akupatsani, kawirikawiri limodzi lokha ndi limene ligwere m'menemo.

Vutoli lili ndi kumene linachokera. Chichewa chinakhala chinenero cha fuko mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri ana ankaphunzira masamu m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kenako n'kusinthira ku Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Njira zonse ziwirizi zimasiya Chichewa cha masamu chili chakhanda: chimafika pa kuwonkhetsa ndi kugawa, koma peresenti, magawo ndi chiwongoladzanja mwana amakumana nazo m'chinenero chimene sanachigwire bwino, n'kungoloweza njira. Kuno kunyanja ana ambiri amafika kusukulu ndi Chiyao, Chichewa n'chachiwiri, Chingerezi n'chachitatu, ndipo masamu amawapeza akulimbana ndi zonsezi. Pulofesa Mercy Kazima wa ku University of Malawi, amene wafufuza kwambiri za chinenero ndi masamu, analemba mu 2008 zoyerekeza njira ziwiri: ku Tanzania anapanga mawu a masamu m'Chiswahili, pamene kuno kwathu tinabwereka a Chingerezi n'kuwalemba m'kalembedwe ka Chichewa. Ine sindikuona kuti kubwereka n'kulakwa. Mayina a zinthu tingabwereke, ndipo mwana wodziwa liwu lakuti peresenti sadzadabwa nalo pa mayeso. Chimene sitingabwereke ndi kalumikizidwe ka chiganizo, timawu tija tonena kuti chiti chikuyerekezedwa ndi chiti. Timeneto tili nato kale, tokwanira, ndipo Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board, ingathandize kwambiri itasonkhanitsa kanenedwe kolondola ka manambala m'kabuku kamodzi ka atolankhani ndi aphunzitsi.

Wina anditsutsa kuti mayeso ndi a Chingerezi, ndiye nthawi yokonzekera iyenera kuthera pa Chingerezicho. Chingerezi chiphunzireni ndithu, ndipo mawu ake a masamu muwadziwe onse. Koma taonani anthu akamawerengera ndalama zawo: manambala amatchula m'Chingerezi, koma kulingalira konse, kuti ndichotsepo zingati, nditsala ndi zingati, tigawana bwanji, kumachitika m'Chichewa kapena m'Chiyao. Kumeneko ndi kumene munthu amaganizira mofulumira, ndipo kukakhala kosalongosoka, Chingerezi chapamwamba sichingakukonze m'mphindi imodzi imene mwapatsidwa pa funso lililonse.

Kwa anzanga a pawailesi ndi m'manyuzipepala, pempho langa n'laling'ono. M'boma la Mangochi momwemo muli Radio Maria Malawi ndi Dzimwe Community Radio, ndipo mawu a pawailesi amafika kumene buku silifika. Chimene muwulutsa lero, mawa ana akuchibwereza. Mukatchula peresenti, tchulaninso kuti ndi ya chiyani. Mukanena za kukwera kwa mtengo, perekani mtengo wakale ndi watsopano kuti womvera adziwerengere yekha.

Ndipo inu achimwene ndi achemwali amene mukudikira kuitanidwa ku mayeso, tengani mafunso akale kapena a m'buku la masamu la Fomu 1 ndi 2. Musanagwire cholembera, linenani funso lililonse mokweza m'Chichewa, ngati mukufotokozera amayi anu: chimene mwapatsidwa, chimene akufuna, ndi chimene chikuyerekezedwa ndi chinzake. Pamene lilime lakodwa ndi pamene simunamvetse, ndiye bwererani pomwepo. Lowezaninso matebulo ochulukitsa mpaka 12, ndi magawo odziwika monga kota kukhala 25 peresenti ndi gawo limodzi mwa asanu kukhala 20. Chitani zimenezi theka la ola tsiku lililonse, foni ili kutali, kuyambira lero osati sabata ya mayeso.